Soya Timalima Tokha, Nanga Bwanji Ndiwo Zake Timagula mu Paketi?

Pali mbale ziwiri zofanana m'kati koma zosiyana ulemu. Yoyamba ili pa tebulo ku Kabulonga: kansima kochepa, chibwabwa, nyemba, nyama palibe. Mwini wake amaijambula ndi foni, n'kuiponya pa Facebook kuti anasiya nyama chifukwa cha thanzi, ndipo anzake amamuombera m'manja. Yachiwiri ili pamphasa kwathu ku Shikabeta: nsima, chibwabwa, nyemba, nyama palibe. Mwini wake akaona mlendo akutulukira amayamba ndi kupepesa kuti, "Mutikhululukire, lero tilibe ndiwo." Chakudya n'chimodzi, koma wina akunyada nacho pamene wina akuchita nacho manyazi.

Ife amene timadzipereka pa wailesi ya m'dera timamva mbali zonse ziwiri. Tinakulira kumudzi, ambiri a ife tinakaphunzira m'tauni, ndipo abale athu ali ku Mtendere, Chawama, Kanyama ndi Matero. Ndiye nkhani ya kudya popanda nyama ikabwera, sitiiona ngati fashoni ya azungu. Kwathu ndiwo moyo wa masiku onse. Funso lathu ndi lina: ngati nyama palibe, kaya mwa kufuna kaya mwa kusowa, m'malo mwake mukulowa chiyani chimene chingamange thupi la mwana? Yankho limodzi limene tapeza lili ndi dzina lachilendo, tofu, koma zopangira zake zonse zili m'minda yathu.

Kwa inu amene simunafikeko, Shikabeta ndi dziko la Asoli m'boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe. Ukachoka ku Lusaka umatsata Great East Road makilomita oposa 150, kenako umapatukira kumpoto pa msewu wafumbi woloza ku mtsinje wa Lunsemfwa. Kuchigwa kuno ng'ombe sizichuluka chifukwa cha akashembe, ntchentche zija zimene zimadwalitsa ziweto. Mbuzi zilipo, koma mbuzi ndi banki: imagulitsidwa mwana akafuna yunifomu kapena wina akadwala. Nkhuku imaphedwa pa Khrisimasi, pamaliro, kapena apongozi akabwera. Nyama ya m'thengo imene makolo ankadalira, manje ndi mlandu: ukapezeka nayo popanda chilolezo, wapita kundende. Choncho banja wamba kuno limalawa nyama mwa apo ndi apo chabe. Tinali mavejiteriyani kalekale, liwulo tisanalimve n'komwe.

Ndipo ambuya athu sanali osowa nzeru pa nkhaniyi. Anatisiyira ndiwo zotendera nsinjilo, nyemba, nzama, bowa wouma ndi mfutso wa masamba wodyera m'chilimwe. Ganizirani za chikanda, chimene mumagula pa Soweto kapena pa siteshoni ya mabasi. Muli timizu ta m'dambo, nshawa, soda ndi mchere, nyama mulibe ngakhale kachidutswa, koma chimadulidwa ndi mpeni ngati polony ndipo palibe amene amachinyoza. Chakudya cholimba, chodula ndi mpeni, chopangidwa ndi zomera zokhazokha, si chinthu chatsopano pa Zambia pano. Tofu ndi m'bale wake wa chikanda, anangobadwira kutali.

Soya analowa m'minda yathu ngati mbewu ya ndalama. Alangizi anatiuza zoona: safuna feteleza wambiri, chifukwa mizu yake ili ndi timfundo momwe tizilombo tosaoneka ndi maso timakoka nayitrojeni kuchokera mumpweya, ndipo chimanga chobzalidwa pambuyo pake chimakula bwino. Tinaloweza maina a mbewu monga Lukanga ndi Kafue, tinadziwa kukolola makoko asanayambe kuphulika padzuwa. Koma za kumudya palibe amene anatifotokozera mokwanira. Ukangomuwiritsa ngati nyemba wamba amatha nkhuni, safewa msanga, ndipo ali ndi kafungo kamene ana amakakana. Ndiye yense amalowa m'masaka.

Zimene zimachitika mu May ndi June mukuzidziwa. Ogula a masikelo, aja timawatcha ma briefcase, amafika ndi ma Canter awo. Msewu ndi wovuta, mlimi sangathe kudzitengera yekha ku Lusaka, ndiye mtengo amatchula ndi iwowo. Amene analima soya mu 2023 akukumbukira momwe mtengo unagwera, mpaka ena analumbira kuti sadzabzalanso. Soya uja amapita ku mafakitale, kumene amamufinya kuchotsa mafuta. Mafutawo ndiwo saladi amene timagula wopimira m'timapulasitiki. Zotsala zambiri zimakhala chakudya cha nkhuku za mabroila ndi nkhumba. Zina amazipera n'kuzipyoletsa m'makina otentha kwambiri mpaka zitatupa ngati timinofu, ndiwo ma soya pieces. Kenako katundu yemweyo amakwera galimoto kubwerera, kudutsa Chongwe, kudutsa Chinyunyu, mpaka pa kantemba ka pamudzi pathu, ali mu paketi yokongola. Timagulitsa ndi saka, timagula ndi magalamu.

Sitikunyoza ma soya pieces. Aliyense amene anakhalapo pa sukulu yogonera komweko kapena pa koleji akudziwa kuti ndalama zikatha pakati pa mwezi, paketi ya Golden Goodness ndiyo imakhala amalume. Ana ambiri akula ndi phala la Yummy Soy la COMACO. Ngakhale phala la HEPS, limene kuchipatala amapatsa ana onyentchera, ndi chimanga ndi soya. Apa mpamene pali chodabwitsa: soya timamukhulupirira mwana akadwala, timamukhulupirira akabwera mu paketi, koma amene ali m'nkhokwe mwathu timamuona ngati katundu wogulitsa basi. Mlimi amene ali ndi masaka atatu a soya m'nyumba amatha kugona ndi nsima ya delele yekha chifukwa alibe ndalama yogulira ndiwo.

Tsiku loyamba kutchula liwu lakuti tofu pa wailesi, mafoni analira. Wina anaganiza kuti tikunena thovu, wina anamva ngati chitofu chophikira. Amayi ena achikulire anafunsa kuti, "Ana anga, chimenecho ndi chinyama cha mtundu wanji?" Tinawayankha kuti, "Amama, mabisi mumawadziwa?" Mkaka ukasasa umalekana, madzi paokha, zolimba pazokha. Tofu ndi zomwezo, kungoti mkaka wake si wa ng'ombe koma wa soya. Umausasitsa dala ndi chinthu chowawasa, umachotsa madzi, n'kutsindira zolimbazo mpaka zitakhala chibenthu choyera chimene ungadule, kukazinga, kuotcha kapena kuphika mu supu.

Nzeru imeneyi inachokera ku China. Mabuku a kumeneko anayamba kumutchula tofu m'zaka za m'ma 900, ndipo nthano yawo imati anamuyambitsa ndi kalonga wina dzina lake Liu An, amene anakhalako zaka zoposa 2,000 zapitazo. Ansembe a Chibuda, amene ambiri sadya nyama, anathandiza kumufalitsa mpaka ku Japan. Achaina amagwiranitsa mkakawo ndi mwala wofewa wotchedwa gypsum, pamene Ajapani amakonda nigari, madzi owawa otsala popanga mchere wa m'nyanja. Lero mukalowa m'masitolo a Achaina ku Lusaka mumupeza ali m'madzi, woyera ngati sopo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amati ndi chakudya cha alendo ndi a ndalama.

Koma chimene chinatilimbitsa mtima si China, ndi Nigeria. Kumpoto kwa dzikolo, ku Kano ndi mizinda ina, amayi amagulitsa chakudya chotchedwa awara m'mbali mwa msewu. Ndi tofu wokazinga, wothira sabola. Bungwe lofufuza za ulimi la IITA, limene likulu lake lili ku Ibadan, linalimbikitsa mabanja kudya soya m'zaka za m'ma 1980, ndipo amayi akumeneko anaitenga nzeruyo n'kuisandutsa yawo. Sadikira gypsum wa m'sitolo. Ambiri amagwiritsa ntchito madzi a bwemba, kapena madzi owawasa otsala poviika chimanga. Mwana wa sukulu amagula awara monga momwe ife timagulira vitumbuwa, ndipo saganiza n'komwe za China. Bwemba ameneyo, amene ku Lusaka mumamutcha kawawasha, kuchigwa kwathu amangogwa pansi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko tilandire, koma kumeta timete tokha.

Umu ndi momwe timapangira. Madzulo timatenga makapu 2 a soya wouma, timasankha kuchotsa timiyala ndi owola, n'kuviika m'madzi ambiri usiku wonse, maola 8 mpaka 12. M'mawa amakhala atatupa kuposa kawiri. Timataya madzi oviikirawo, timatsuka, n'kupikisa ndi manja kuti makoko ena achoke. Kenako timasinja mu mtondo mpaka akhale ngati phala losalala. Amene muli ndi blenda m'tauni, magetsi akakhalapo, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Apa mpamene pali phindu lonse: ukasinja mwaulesi, mkaka umatsalira m'zinyenyeswa ndipo tofu amatuluka wochepa.

Phalalo timalisakaniza ndi madzi oyera pafupifupi malita 3, n'kulisefa pa nsalu yoyera yochapidwa bwino, kufinya mpaka manja atawawa. Chimene chagwera mu poto ndiwo mkaka wa soya. Zotsala m'nsalu musataye, tibwererako. Mkakawo timauika pamoto mu poto wamkulu, chifukwa uja amene anamva thovu sanalakwitse kwenikweni: ukayamba kuwira umatutuma mwadzidzidzi, ndipo ukangoyang'ana kumbali wathimitsa mbaula. Timatakasa ndi mthiko kuti usapserere, n'kuusiya uwire pang'onopang'ono mphindi 15 mpaka 20. Kuwiritsaku si nkhani ya kukoma chabe. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa mimba kugaya bwino mapuloteni, ndipo moto ndiwo umaziwononga. Moto womwewo umachepetsanso kafungo kaja.

Tikaphula timadikira mphindi zingapo kuti uleke kubwata koma ukhalebe wotentha kwambiri. Timafinya mandimu 3 kapena 4, timasefa njere, timasungunula ndi kapu ya madzi, n'kuthira pang'onopang'ono uku tikuyendetsa mthiko mofatsa. Viniga nayenso amagwira, madzi a bwemba amagwiranso, kungoti amasiya mtundu wofiirira. Kenako timavundikira osagwedeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha: pakapita mphindi 10 kapena 15 mupeza timitambo toyera tikuyandama m'madzi achikasu oonekera mpaka pansi. Madzi akakhalabe oyera ngati mkaka, onjezani ndimu pang'ono. Mukathira wambiri nthawi imodzi, tofu amawawasa ndipo amanyenyeka.

Timitamboto timatiwolera mu nsalu yoyalidwa mu sefa kapena m'lichero, timakulunga, timaika mbale yafulati pamwamba, n'kutsindira ndi mwala wotsukidwa kapena chigubu cha madzi. Theka la ola likapita, tofu wakonzeka. Mukafuna wolimba wokazinga, siyani mwalawo nthawi yaitali. Makapu 2 aja amatulutsa chibenthu chokwanira ndiwo za banja pa chakudya chimodzi. Zotsala m'nsalu zija, zimene Ajapani amazitcha okara, timazisakaniza mu ufa wa vitumbuwa, mu chikondamoyo kapena m'phala, bola zipse bwino. Zikatsalabe timaziwiritsa n'kupatsa nkhuku, ndipo nkhukuzo zimatibwezera mazira. Palibe chimene chimapita kudzala.

Amene analawapo tofu n'kunena kuti sakoma ali ngati munthu wodya nsima yokha n'kumati chimanga n'choipa. Tofu payekha alibe kukoma kwenikweni, amatenga kwa mnzake wa mu poto. Njira imene yagwira mtima anthu kwathu ndi iyi: kudula timabenthu tokula ngati chala chachikulu, kuwaza mchere, kusiya pang'ono kuti madzi atuluke, n'kukazinga mu saladi wotentha osatembenuzatembenuza mpaka mbali zonse zitafiira. Pambali timakonza supu wa anyezi ndi tomato wambiri, ndi kasabola, n'kuponyamo timabenthuto kwa mphindi zisanu kuti timwe supu. Ndi nsima yotentha, mbale imabwerera kukhitchini ili mbee.

Njira zina n'zambiri. Mutha kumunyenya ndi manja mu chibwabwa kapena bondwe wotendera, n'kukhala ndiwo zokhutitsa zimene mwana amadya osasankha. Mutha kumunyenya mu anyezi ndi tomato ngati mazira okazinga, kudyera buledi m'mawa. Anyamata ena a gulu lathu amadula zibenthu zazikulu, amapaka mchere, adyo, sabola ndi kasaladi, n'kuotcha pa waya pa mbaula ngati michopo. Sitinamiza munthu kuti ndi nyama. Si nyama ndipo sadzakhala nyama. Amene amamuphika kuti anamize lilime amakhumudwa, koma amene amamulandira ngati ndiwo zapazokha, monga momwe timalandirira bowa, amabwereza.

Chifukwa chimene tikulimbikira nkhaniyi chili m'thupi la mwana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu mu Zambia ndi opinimbira. Si onse amene amagona ndi njala. Ambiri amakhuta, koma amakhuta nsima. Chimanga chili ndi mapuloteni pafupifupi magawo 9 pa 100, ndipo mapuloteni akewo ndi operewera kanthu kena kofunika kotchedwa lysine. Soya wouma ali ndi magawo 36 kapena kuposerapo, ndipo lysine ali naye wambiri. Ndiye nsima ndi tofu zikakumana m'mimba imodzi zimakwanirana, china kutseka pamene chinzake chaperewera. Chibenthu cha magalamu 100 cha tofu wolimba chimapereka mapuloteni ofanana ndi dzira limodzi kapena awiri. Ndiponso ndi chofewa: mwana amene wayamba kudya amachimeza, ambuya opanda mano amachitafuna.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February, chinatikumbutsa kuti chakudza sichiimba ng'oma. Soya nayenso amafuna mvula, si mbewu yamatsenga. Koma ali ndi khalidwe limodzi labwino: akauma bwino amasungika, ndipo anankafumbwe samukonda monga amakondera chimanga ndi nyemba. Banja limene lasunga saka limodzi la makilogalamu 50 lili ndi ndiwo za miyezi yambiri, zosafuna firiji, zosafuna kupita ku kantemba. Ndalama ya saka limenelo ikalowa m'thumba mu June, pofika August palibe amene amakumbukira kumene inapita.

Pali madandaulo amene timalandira, ndipo ena ndi omveka. Loyamba limachokera kwa azibambo, ndipo nthawi zambiri amalinena motsitsa mawu: akuti soya amafooketsa mwamuna m'nyumba. Mphekesera imeneyi ili ponseponse, pa mabawa ndi pa WhatsApp. Gwero lake ndi lakuti mu soya muli tinthu totchedwa isoflavones timene timafananako ndi mahomoni a akazi. Koma kufananako si kukhala chimodzi. Akatswiri anaphatikiza zoyesa zambiri zachipatala zochitidwa pa amuna, mu 2010 ndiponso mu 2021, ndipo sanapeze kuti kudya soya kumatsitsa testosterone. Ife timangowonjezera kuti, "Atate, ku China adya tofu zaka zoposa 1,000, ndipo anthu ndi oposa biliyoni imodzi." Foni imaduka ndi kuseka.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera, ndipo limachokera kwa amayi: ntchito. Kuviika, kusinja, kufinya, kutunga madzi, nkhuni. Mayi amene wachokera kumunda, mwana ali kumsana, sangayambe zonsezi tsiku lililonse. Zimenezi n'zoona, ndipo amene akuti tofu ndi wa aliyense osatchula mtondo akunama. Chimene taona chikugwira ndi kuchitira pamodzi: mabanja atatu kapena anayi kusankha tsiku limodzi pa sabata, poto mmodzi wamkulu, moto umodzi, n'kugawana. Ndipo munsi sufunsa kuti wougwira ndi mwamuna kapena mkazi. Anyamata amene ali ndi mphamvu zothamangitsa mpira mphindi 90 ali nazonso zosinjira makapu angapo a soya.

Lachitatu ndi kusunga. Tofu ali ndi madzi ambiri, ndipo kutentha kwa kuchigwa mu October sikumuchitira chifundo. Popanda firiji, dyani tsiku lomwelo, kapena mukazingeni yense kuti afike mawa. Amene muli ndi firiji, muikeni m'madzi oyera ozizira, kusintha madziwo tsiku ndi tsiku, ndipo asapitirire masiku atatu kapena anayi, makamaka magetsi akamazimazima. Akayamba kuterera kapena kununkha, tayani. Madzi opangira akhale aukhondo, nsalu ikhale yochapidwa ndi yowiritsidwa. Chakudya chomanga thupi chikasamalidwa mosasamala chimasanduka chotsegula m'mimba.

Kwa inu anzathu a m'tauni amene mwasankha kusiya nyama, simuli nokha ndipo si inu oyamba. A Seventh-day Adventist, amene mishoni yawo ya Rusangu pafupi ndi Monze inayamba mu 1905 ndipo anakwana miliyoni imodzi mu Zambia mu 2015, akhala akuphunzitsa kudya zomera kwa zaka zambiri, ngakhale si onse amene amasiya nyama. Ku Riverside Farm Institute, pafupi ndi Kafue, amaphunzitsa za kadyedwe kotere. Ma Rasta ali ndi ital yawo. Ahindu ambiri sadya nyama, ndipo paneer wawo amapangidwa ndendende ngati tofu, kungoti ndi mkaka wa ng'ombe. Akatolika amasala nyama Lachisanu m'nyengo ya Lenti. Zifukwa n'zosiyana: chikhulupiriro, BP, shuga, chifundo pa nyama, kapena mtengo wa kilo ya ng'ombe ku butchala.

Koma kusiya nyama sikutanthauza kudya buledi, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera. Pali zinthu zofunika kuzidziwa. Vitamini B12, amene amathandiza magazi ndi mitsempha, sapezeka mu tofu kapena m'masamba. Amene mumadyabe mazira ndi mkaka muli bwino, koma amene mwasiya zonse zochokera ku nyama mufunika mapilisi ake, makamaka mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, ndipo ndi bwino kufunsa kuchipatala. Ayironi wa m'zomera amalowa bwino m'thupi akamadyedwa ndi tomato, ndimu kapena zipatso, ndipo tiyi womwera pa chakudya amamutsekereza. Tofu wa ndimu alibe kashiamu wochuluka ngati uja wa gypsum, ndiye masamba obiriwira asasowe. Mkaka wa soya wopanga kunyumba si wa khanda: miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha. Ndipo pali anthu ochepa amene thupi lawo limadana ndi soya. Mukaona zidzolo kapena kutupa, siyani.

Palinso mbali ya ndalama, imene tikudziwa kuti ambiri mukuidikira. Soya wouma amagulitsidwa ndi meda pa Soweto ndi misika ina, mandimu ali paliponse. Mtsikana kapena mnyamata amene ali ndi mbaula, poto ndi chiwaya ali kale ndi zida zonse zimene mayi wa awara ku Kano ali nazo. Pa geti la sukulu, pa siteshoni, pambali pa chikanda ndi vitumbuwa, malo alipo. Sitikulonjeza kuti mulemera, ndipo masiku oyamba anthu adzafunsa kwambiri kuposa kugula. Koma chikanda nachonso sichinayambire ku Lusaka. Chinabwera ndi anthu a kumpoto, ndipo manje aliyense amachiona ngati chake. Lilime la Azambia limaphunzira msanga chinthu chikakhala chokoma ndi chotchipa.

Chimene tikupempha n'chochepa. Inu a m'tauni, yesani kamodzi Loweruka likubwerali, ndi makapu 2 chabe. Akakana kugwirana, mkakawo imwani ndi kashuga, palibe chatayika. Mukadziwa, tsiku lopita kumudzi mutenge nzeruyo limodzi ndi shuga ndi sopo amene mumanyamula, ndipo musakaime patali n'kumalangiza. Mukagwire munsi. Amalume akamawerenga masaka awo, mukawafunse mwaulemu kuti ndi angati akutsala pakhomo.

Ifenso kuno ku Shikabeta tagwirizana chinthu chimodzi m'gulu lathu, ndipo tikuchinena pa wailesi mobwerezabwereza mpaka chilowe. Soya tizilimabe, tizigulitsabe, chifukwa yunifomu, sopo ndi malata zimafuna ndalama. Koma chaka chino masikelo akafika, saka limodzi lisakwere Canter. Limenelo ndi la ana.